Feteleza ndi kaboni wa m'nthaka: mafunso ndi mayankho kwa alimi a kuno kum'mawa

Mafunso awa ndakhala ndikuwamva kwa alimi a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Lundazi, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ena pamisonkhano ya kopaletivu, ena pamzere podikira feteleza, ena tikucheza pansi pa mtengo wa mango dzuwa litapendeka. Ambiri satchula mawu akuti kaboni. Amati, "Munda wanga waguga," kapena, "Nthaka yanga yazolowera feteleza." Koma nkhani yake ndi imodzimodziyo. Inenso ndine mwana wa mlimi, ndipo ndimalima munda umene atate anandisiyira, choncho zina mwa izi ndaziona ndi maso anga.

Kaboni wa m'nthaka ndi chiyani kwenikweni?

Tengani khasu mupite pamene panali khola la ng'ombe kalekale, kapena padzala lakale kuseri kwa nyumba. Kumbani pang'ono, mutape dothi m'manja. Ndi lakuda, lofumbutuka, silimata m'zala, ndipo limanunkhira ngati tsiku la mvula yoyamba. Kenako pitani pakati pa munda umene mwalima chimanga zaka 20 osapumitsa. Dothi lake ndi lotuwa, likauma khasu limanjanja, likanyowa madzi amangoyenda pamwamba.

Chimene chikusiyanitsa madothi awiriwa ndi zowola: masamba, mizu, mapesi, ndowe ndi tizamoyo takufa, zimene zinawolerana mpaka osazindikirikanso. Mukaumitsa zowolazi n'kuziyeza, pafupifupi magawo 58 pa 100 alionse ndi kaboni. N'chifukwa chake akatswiri akafuna kudziwa kuchuluka kwa zowola m'munda amayeza kaboni.

Kaboniyu sachokera pansi. Amachokera mumpweya. Chomera chimakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi kudzera m'masamba, n'kugwiritsa ntchito dzuwa kumangira phesi, muzu ndi chisononkho. Chikafa, chiswe, nyongolotsi, mafangasi ndi mabakiteriya zimachidya. Kaboni wambiri amabwerera mumpweya pamene tizamoyoti tikupuma, koma kagawo kochepa kamatsala, kamakanirira ku timibulu ta dothi, ndipo kamatha kukhala zaka zambiri.

Chimanga chimadya kaboni wa m'nthakayo?

Ayi, sichidya. Chimanga chimatenga kaboni wake mumpweya. Ntchito ya kaboni wa m'nthaka ndi ya nkhokwe. Zowola zimasunga chinyezi, zimagwira chakudya cha mbewu kuti chisatsike ndi madzi, zimamanga dothi kukhala timibulu kuti mizu ipite pansi ndiponso mvula ilowe. Zikamawola pang'onopang'ono zimatulutsanso nayitirojeni, fosifolasi, salufa ndi tizakudya tina ting'onoting'ono timene simupeza m'thumba la yureya.

Nyengo ya 2023/2024 inationetsa zimenezi poyera. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse. M'munda mwanga chimanga cha kumtunda, kumchenga, chinapota masamba msanga. Cha pamalo a khola lakale la atate chinakhala chobiriwira masiku angapo chinzake chitafota kale, ndipo ndi pokhapo pamene tinathyola kanthu. Feteleza ndinathira mofanana munda wonse. Zowola sizilowa m'malo mwa mvula, pakuti ng'amba ikatalika chilichonse chimauma, koma masiku ochepawo nthawi zina ndiwo amasiyanitsa wokolola ndi wobwerako chimanjamanja.

Nanga m'thumba la feteleza muli kaboni?

D Compound amene timathira pobzala ali ndi nayitirojeni magawo 10, fosifolasi 20, potaziyamu 10 pa 100, kuphatikizapo salufa pang'ono. Yureya ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100, ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. M'thumba lomwelo la yureya muli ndithu kaboni wokwana makilogalamu 10, koma yureya akangosungunuka m'dothi lonyowa, kaboniyo amathawira mumpweya pamasiku ochepa. Sawonjezera kanthu pa zowola.

Tsono feteleza amachulukitsa kaboni kapena amamutha?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo yankho lake lili m'manja mwa mwini munda kuposa m'thumba.

Tiyerekeze hekitala imodzi ya munda woguga. Popanda feteleza mwakolola matumba 20, amene ndi tani imodzi. Mwathira feteleza pa nthawi yake, mvula yagwa bwino, mwakolola matumba 80, matani 4. Pachimanga, kulemera kwa mapesi ouma kumafanana pafupifupi ndi kulemera kwa chimanga chotongola. Ndiye kuti feteleza uja wakupatsaninso matani 4 a mapesi m'malo mwa tani imodzi, ndipo pansi mizu nayonso yachuluka. Mapesi ouma ali ndi kaboni magawo oposa 40 pa 100. Apa ndi pamene feteleza amathandizira nthaka: amakulitsa chomera, chomera chimakoka kaboni wambiri mumpweya, ndipo kaboniyo akhoza kutsala m'munda.

Ndati akhoza. Mukasonkhanitsa mapesiwo n'kuyatsa moto mu Seputembala, matani 4 aja amapita kumwamba madzulo amodzi, pamodzi ndi nayitirojeni ndi salufa amene anali m'menemo. Chotsala ndi phulusa ndi mizu basi. Munda wotere umakolola bwino zaka zingapo chifukwa cha thumba, pamene nkhokwe yake ya pansi ikutha mwakachetechete.

Palinso mbali ina. Kwa tizamoyo ta m'nthaka, kaboni ndi nsima, nayitirojeni ndi ndiwo. Pakhomo pakapezeka ndiwo zabwino nsima imayenda. M'minda ina, mukathira nayitirojeni wambiri koma osaikamo zowola zatsopano, tizamoyoti timachangamuka n'kudya zimene zilipo mofulumira. Akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa vuto limeneli, pakuti m'nthaka zina nayitirojeni amachedwetsa kuwola m'malo mofulumizitsa. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti pamene zotsalira za mbewu zimabwerera m'munda, feteleza wothira pa muyeso amakweza kaboni pang'ono poyerekeza ndi munda wosathira kanthu. Pang'ono, osati kwambiri.

Pali umboni wanji wa zimenezi?

Umboni wabwino umachokera m'minda yoyeserera imene yakhala zaka zambiri, chifukwa kaboni sasintha nyengo imodzi.

Ku Rothamsted, ku England, John Lawes ndi Henry Gilbert anayamba kulima tirigu pamunda wotchedwa Broadbalk mu 1843, ndipo ukulimidwabe mpaka lero. Ndime zina sizilandira kanthu, zina zimalandira feteleza yekha, zina manyowa a m'khola okwana matani 35 pa hekitala chaka chilichonse. M'ndime za manyowa kaboni anachuluka kuposa kawiri. M'ndime za feteleza yekha anangokwerako pang'ono kuposa ndime zosathira kanthu. Komabe tirigu wa m'ndime za feteleza wokwanira ankabereka bwino ndithu, ndipo ndikunena izi kuti wina asaganize kuti feteleza alibe ntchito.

Ku America, pa minda ya Morrow ya pa yunivesite ya Illinois, imene inayamba mu 1876, ofufuza ena mu 2007 ananena kuti kaboni anatsika ngakhale m'ndime zolandira nayitirojeni wambiri, ndipo anaimba mlandu fetelezayo. Anzawo anawatsutsa kwambiri, makamaka pa kawerengedwe kawo. Mkangano umenewu ndiwo unafalitsa nkhani yakuti feteleza amadya kaboni.

Kwa ife chitsanzo chapafupi ndi cha ku Kabete, pafupi ndi Nairobi ku Kenya, kumene anayamba kuyesa mu 1976 polima chimanga ndi nyemba mosinthanitsa. Patapita zaka 18 anapeza kuti kaboni watsika m'ndime zonse. Anatsika kwambiri m'mene ankachotsa mapesi osathira manyowa, ndipo anatsika pang'ono m'mene ankaphatikiza feteleza, manyowa ndi mapesi. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ikunena zoona za kwathu kuno kotentha: nthawi zambiri nkhondo yathu yoyamba ndi yoletsa kaboni kuthawa, kumuchulukitsa kumabwera pambuyo.

Agogo ankati feteleza amaononga nthaka. Ankanama?

Sankanama. Ankaona chinthu chenicheni, kungoti zifukwa zake ndi zingapo zolukanalukana.

Choyamba ndi asidi. Yureya akalowa m'nthaka, mabakiteriya amasandutsa nayitirojeni wake kukhala wa mtundu umene umayenda ndi madzi, ndipo pochita zimenezi amasiya asidi. Nayitirojeniyo akakokoloka kupita pansi mbewu isanamudye, amatenganso kashiyamu ndi maginiziyamu. Powerengera, thumba limodzi la yureya lingafune laimu wokwana pafupifupi makilogalamu 40 kuti asidi wake athe. Ndani wa ife amathira laimu? Ochepa kwambiri. Zaka zikamapita nthaka imawawasa, ndipo pH, muyeso wa kuwawasa kwa nthaka, ikatsika kupitirira 5.5, fosifolasi amamangika osadyeka, mizu imafupika, nyongolotsi zimasowa. Chimanga chikakhala chonyentchera, zotsalira zake zimachepa, kaboninso amachepa. Kuno kum'mawa, kumene mvula imagwa mamilimita 800 mpaka 1000 pachaka, vutoli silinafike ngati la m'zigawo za kumpoto za Northern ndi Luapula, koma m'minda yamchenga yolimidwa kalekale lilipo.

Chachiwiri ndi zimene zinabwera limodzi ndi feteleza. Kale munda ukatopa ankausiya kuti ugone, n'kukhala tsala zaka zingapo, tchire n'kumera, masamba n'kuwolerana. M'munda wa agogo munkakhala chimanga, maungu, khobwe, nsawa ndi mphonda pamodzi. Anthu atachuluka malo anachepa, tsala linatha, ndipo thumba linatilola kubzala chimanga chokhachokha pamalo amodzi chaka ndi chaka. Pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, imene inayamba mu 2002 n'kusinthidwa dzina kukhala FISP mu 2009, yadyetsa mabanja ambiri, ndipo sindingainyoze. Koma kwa zaka zambiri maso ake anali pa chimanga, ndipo ifenso tinaiwala kasinthasintha. Agogo poona dothi likutuwa analoza thumba, popeza ndilo linali lachilendo.

N'chifukwa chiyani matumba omwewo masiku ano sakundipatsa chimanga ngati kale?

Mayi wina wa ku Chadiza anandifunsa zimenezi atagwira m'chiuno. Anati, "Achimwene, kale matumba awiri pa lima (gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala) ndinkadzaza nkhokwe. Lero matumba omwewo, chimanga chake ngati cha mwana wamasiye. Kapena akutigulitsa feteleza wosukuluka?"

Feteleza wachinyengo amapezeka nthawi zina, n'chifukwa chake ndi bwino kugula kwa ogulitsa ovomerezeka. Koma kawirikawiri vuto limakhala pansi. Dothi lopanda zowola lili ngati dengu lothyoka: mwathira yureya lero, mawa kwagwa chimvula, wapita. Siligwira madzi, choncho kukachita ng'amba ya sabata imodzi mbewu imalephera kumwa ngakhale chakudya chilipo. Limasowanso tizakudya tating'ono monga zinki. Ndipo kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga, amabwera kudzamaliza. Tinapita kumunda kwa mayiyo, ndipo kaufiti anali waliwali ndi timaluwa take tofiira mzere uliwonse.

Mawu akuti nthaka yazolowera feteleza amatanthauza zimenezi. Nthaka ilibe chizolowezi ngati cha munthu wa fodya. Nkhokwe yake yatha, ndiye mbewu ikudalira thumba lokha.

Zingatenge nthawi yaitali bwanji kuti kaboni abwerere?

Tiwerengere limodzi. Dothi la pamwamba la hekitala imodzi, kuya kwa masentimita 20, limalemera pafupifupi matani 2,800. Ngati kaboni ali gawo limodzi pa 100, ndiye kuti alipo matani 28. Minda yambiri yamchenga yolimidwa zaka zambiri kuno sifika n'komwe pamenepo. Kuti mukweze kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.1 mukufunika matani 2.8 a kaboni wokhazikika.

Mapesi athu aja a matani 4 ali ndi kaboni pafupifupi tani imodzi ndi theka. Koma ambiri amadyedwa n'kubwerera mumpweya, ndipo chotsala nthawi yaitali mwina ndi gawo limodzi kapena awiri pa 10. Ndiye kuti makilogalamu 150 mpaka 300 pachaka. Pamlingo umenewu mukufunika zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo pamenepo sitinachotsere kaboni wakale amene akuwola chaka chilichonse. Kutentha kwa kuno kumafulumizitsa kuwola, ndipo mchenga ulibe timibulu tokwanira toti kaboni akanirireko. Pa katondo ndi pa makande zimayendako bwino.

Wina akakuuzani kuti mankhwala ake a m'botolo adzachulukitsa kaboni nyengo imodzi, musatulutse ndalama. Chosangalatsa n'chakuti phindu lina limaoneka msanga, manambala asanasinthe. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu mukuphimba nthaka, madzi amayamba kulowa, khasu limalowa mosavuta, ndipo chinyezi chimakhalitsa.

Mapesi ndingawasunge bwanji poti ng'ombe zimadya, ana amatentha posaka mbewa, chiswe nachonso chimamaliza?

Ili ndi funso lovuta kuposa onse, ndipo amene amalemba malangizo ali mu ofesi amalidumpha.

Tiyambe ndi chiswe, chifukwa anthu amachida mopitirira. Chiswe chikadya mapesi a pansi chimawatsitsira m'nthaka n'kuboola timauna tolowera madzi. Chulu chimakhala ndi chonde chifukwa cha ntchito yomweyi, ndipo tonse timadziwa mmene chimanga cha m'mbali mwa chulu chimakhalira. Alimi ambiri aonanso kuti chiswe chikapeza zouma pansi sichithamangira chimanga chobiriwira, ngakhale chimagwetsabe china chikayamba kuuma.

Ng'ombe nazo sizitaya zonse. Zikadya mapesi, pafupifupi theka la kaboni limatuluka m'ndowe. Vuto ndi lakuti ndowezo zimakagwera m'khola la mwini ng'ombe. Amene alibe ng'ombe, amene nthawi zambiri ndi amayi amasiye ndi mabanja osauka, amagula feteleza, amalima mapesi, kenako chonde chawo chimasamukira kumunda kwa wolemera. Zimenezi zimandiwawa, ndipo si nkhani yoti munthu mmodzi angaithetse. Imafunika a nyakwawa ndi mafumu. M'midzi ina anagwirizana kuti ziweto zizikhala ndi m'busa ngakhale m'chilimwe, ndipo wotentha munda wa mnzake amalipa mbuzi kapena nkhuku. Kumene lamulo lotere likugwira ntchito, mapesi amafika Novembala.

Moto ndiwo woipitsitsa chifukwa subweza kanthu. Lambulani mkuzi wopanda udzu kuzungulira munda mukangokolola, mu Meyi kapena Juni. Ngati mukudziwa kuti mapesi sangapulumuke m'munda, atuteni. Ena aikeni m'khola kuti ng'ombe zipondeponde ndi kukodzera, ena muunjike kompositi pafupi ndi nyumba. Ndi ntchito yolemetsa, sindikubisa, koma imabwerera m'munda.

Za thonje ndi fodya n'zosiyana. Mitengo yake iyenera kuzulidwa monga mwa malamulo pofuna kupewa tizilombo ndi matenda, choncho minda imeneyi imafunika kuisinthira mbewu yosiya zotsalira zambiri chaka chotsatira.

Ndinakwirira mapesi ambiri, koma chimanga chinamera chachikasu. Ndinalakwitsa pati?

Mapesi ali ndi kaboni wambiri koma nayitirojeni wochepa, pafupifupi magawo 60 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni. Tizamoyo timafuna chakudya cha magawo 24 pa limodzi. Tikapatsidwa nsima yambiri yopanda ndiwo, timakatenga ndiwozo m'nthaka, n'kulanda nayitirojeni amene chimanga chanu chaching'ono chikanadya. Sanatayike, adzabwerera tizamoyoto tikafa, koma kwa masabata angapo mbewu imavutika.

Apa ndi pamene feteleza ndi mapesi zimafunana. Thirani D pobzala penipeni, musadikire kuti chimanga chimere kaye, ndipo yureya asachedwe kupitirira pamene chimanga chafika m'mawondo. Mukwirireni, osangomwaza pamwamba padzuwa, chifukwa amauluka. Pamchenga ndi bwino kumugawa kawiri. Mapesi osiyidwa pamwamba salanda nayitirojeni kwambiri ngati okwiriridwa m'mizere.

Manyowa okha sangakwanire kuti ndisiyiretu kugula feteleza?

Padimba kapena pa kamunda ka kuseri kwa nyumba angakwanire. Pa mahekitala awiri n'zovuta. Manyowa a m'khola athu, amene amakhala padzuwa ndi pamvula miyezi yambiri ndiponso amasakanikirana ndi mchenga, nthawi zambiri amakhala ndi nayitirojeni gawo limodzi pa 100 kapena kucheperapo. Kuti mupeze makilogalamu 23 a m'thumba limodzi la yureya mukufunika matani oposa awiri a manyowa, ndipo satulutsa onse chaka chomwecho. Matani 35 a ku Rothamsted aja palibe mlimi wa ng'ombe zinayi angawapeze.

Choncho ine sindili kumbali ya amene amati tayani feteleza. Mayiko a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006 anagwirizana zokweza feteleza kufika makilogalamu 50 a chakudya cha mbewu pa hekitala, chifukwa minda yathu yambiri imalandira zochepa kwambiri, ndipo nthaka yosathiridwa kanthu imaguga msanga kuposa yothiridwa. Atakumananso ku Nairobi mu Meyi 2024, msonkhanowo unali wa feteleza ndi thanzi la nthaka pamodzi, kusonyeza kuti aona kuti thumba lokha silikwanira.

Manyowa ochepa amene muli nawo musawamwaze munda wonse. Ikani m'phando kapena m'mzere momwe mubzale, manja awiri paphando, kenako D pang'ono pomwepo. Ndipo asamalireni: afolereni denga kapena aphimbeni ndi udzu, chifukwa madzi akuda amene amayenda kuchokera m'khola mvula ikagwa ndi feteleza amene akutayika. Amene alibe ng'ombe asanyoze zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi kapena za nkhumba, pakuti zitosi za nkhuku zili ndi mphamvu kuposa ndowe za ng'ombe.

Nsawa, soya ndi mitengo ya chonde zimathandiza bwanji?

Mbewu za m'gulu la nyemba zili ndi timaphundu kumizu m'mene mabakiteriya amakoka nayitirojeni mumpweya. Chimanga chobzalidwa pamene panali nsawa kapena soya chimakula bwino, ndipo kaufiti amachepa. Koma pa nkhani ya kaboni tisadzinamize. Soya timazula mtengo wonse, n'kukapunthira pakhomo, makoko n'kuwatentha kapena kuwasiya pomwepo. M'munda mumatsala masamba oyoyoka basi. Ngati mukufuna kuti soya asiye kanthu, bwezani zopunthazo kumunda, ndipo ngati n'kotheka dulani m'malo mozula kuti mizu itsale. Nandolo amaposa pamenepa, chifukwa amayoyola masamba ambiri ndipo mizu yake imapita pansi kwambiri. Kaboni wochokera kumizu amakhalitsa m'nthaka kuposa wa zotsalira za pamwamba.

Pa nkhani ya mitengo, ife a kum'mawa tili ndi mbiri yathu. Pa Msekera, malo a kafukufuku wa zaulimi a boma pafupi ndi Chipata, akatswiri a boma pamodzi ndi a ICRAF, bungwe la padziko lonse lofufuza za mitengo ya m'minda, anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa kugoneka munda zaka ziwiri kapena zitatu utabzalidwa jelejele kapena ombwe, kenako n'kudula n'kubzala chimanga. Zokolola zinkakwera kwambiri poyerekeza ndi munda wosathira kanthu. Chimene chinabweza alimi ambiri m'mbuyo ndi kuchepa kwa malo ogoneka, moto ndi ziweto. Mtengo wa gilisidiya, umene a COMACO, kampani yogwira ntchito ndi alimi posamalira chilengedwe, akhala akulimbikitsa m'chigawo chino, uli ndi ubwino wakuti umakhala m'munda momwemo ndi chimanga: mumadula, masamba mumaika m'nthaka, iwo umaphukanso. Ku Makoka, pafupi ndi Zomba ku Malawi, kumene anayamba kuyesa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kaboni anapezeka wochuluka m'ndime za gilisidiya kuposa za chimanga chokha, ndipo chimanga chinkabereka koposa akawonjezerapo feteleza pang'ono.

Ndiye pali msangu, mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja pamene ina yonse ikuphuka, motero suphimba mbewu. Umachedwa kukula. Wobzala msangu amabzalira ana ake. Atate anasiya misangu itatu m'munda mwathu pamene ankadula mitengo ina, ndipo pansi pake mpaka lero ndimathira theka la feteleza amene ndimathira kwina.

Gamphani amasungadi kaboni?

Kugaula ndi pulawo kapena kusamutsa mizere chaka chilichonse kumaphwanya timibulu ta dothi n'kuika zowola pamtetete, mpweya n'kulowa, kuwola n'kufulumira. Gamphani, amene a Conservation Farming Unit akhala akuphunzitsa kuyambira mu 1996, kaya wa maenje kapena wong'amba mzere ndi ripa, amachepetsa zimenezi. Amathandizanso kuti manyowa, laimu ndi feteleza zizigwera malo amodzimodzi chaka ndi chaka.

Komabe ofufuza amene anayeza minda ya alimi kuno kum'mwera kwa Africa anapeza kuti kaboni amangokwera pang'ono, ndipo nthawi zina osakwera n'komwe. Chifukwa chake n'chomwe chija: mapesi sankatsala okwanira. Kusiya kugaula pamunda wambee, wopanda chophimba, kumangoumitsa nthaka.

Ndingadziwe bwanji kuchuluka kwa kaboni m'munda mwanga?

Njira yotsimikizika ndi kuyezetsa dothi. Funsani alangizi a kampu yanu kuti akuthandizeni katengedwe kake ndi kotumiza, kaya ku Msekera, ku Mount Makulu ku Chilanga, kapena ku yunivesite ya Zambia. Tapani m'malo 10 kapena 15 a munda umodzi, kuya masentimita 20, sakanizani mu ndowa yoyera, mutengeko theka la kilogalamu. Musatape pachulu, pamene munatentha zinyalala, kapena pamene panali khola. Pemphani kuti ayeze pH ndi kaboni. Kuyezanso chaka chamawa n'kutaya ndalama, dikirani zaka 4 kapena 5.

Pakhomo mungayese motere. Tengani chibuma chouma cha m'munda ndi china cha m'tchire losalimidwa lapafupi, muviike chilichonse m'kapu ya madzi osagwedeza. Cha m'tchire chimakhala chogwirana, madzi n'kukhala oyera. Cha m'munda woguga chimasungunuka nthawi yomweyo, madzi n'kuda. Mukaonetsa anthu zimenezi pamsonkhano, phokoso limatha.

Tikumva za ndalama za kaboni. Kodi munda wanga ungandipatse?

Zilipodi, ndipo ndi ndalama zimene anthu amalipidwa chifukwa chosunga kaboni m'mitengo ndi m'nthaka kuti asapite mumpweya. Kuno kum'mawa madera a mafumu ena alandirapo ndalama zotere kudzera m'mapulojekiti osamalira nkhalango ndi ulimi wosamalira nthaka. Koma zimalipidwa kwa dera lonse kapena gulu, chifukwa kuyeza kaboni m'munda umodzi wa hekitala kumadula kuposa mtengo wa kaboniyo. Owerengera amachotseranso mpweya woipa wochokera ku feteleza, popeza nayitirojeni wotsala m'dothi lonyowa amatulutsa mpweya umene umatenthetsa dziko kuposa kaboni dayokisaidi pafupifupi ka 270. Musanasaine pepala lililonse, funsani kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ukukuletsani chiyani pamunda wanu, ndipo ndalama zidzadutsa m'manja mwa yani.

Chaka chino ndili ndi matumba anayi okha, ndipo munda ndi mahekitala awiri. Ndichite bwanji?

Langizo lakale la boma ndi matumba 4 a D ndi 4 a yureya pa hekitala, kutanthauza thumba limodzi la D ndi limodzi la yureya pa lima. Matumba anu anayi, awiri a D ndi awiri a yureya, ndi a malima awiri, theka la hekitala. Mukawamwaza pa mahekitala awiri mudzapalira munda waukulu, mudzakolola zochepa, ndipo mapesi ake adzakhala owonda osaphimba n'komwe nthaka.

Ine ndikanasankha malima awiri kapena atatu amene ali ndi dothi labwinoko, makamaka pamene panali nsawa kapena soya chaka chatha, n'kuikapo chimanga ndi matumba onsewo pamodzi ndi manyowa alionse amene ndingapeze. Kwinako ndikanabzala nsawa, soya, khobwe ndi mpendadzuwa, ndi mizere ya nandolo m'katikati. Pamchenga penipeni poguga, pamene kaufiti wakhazikika, sindikanatayapo feteleza chaka chino. Ndikanabzalapo kalongonda kapena ombwe n'kupasiya, n'kulambula mkuzi moto usanayambe. Chaka chamawa chimanga chisamukire pamene panali nsawa, ndipo mapesi a malima aja atsale pomwepo, soya adzabzalidwe m'katikati mwake mvula ikadzagwa mu Disembala.